PDF ikukana kuwerengedwa mokweza, vuto lili pati?

Mphunzitsi wa Fomu 2:
Moni nonse. Pali mtsikana wanzeru ndithu, koma zilembo zimamusokonekera, b ndi d amazisinthanitsa. Wina akamamuwerengera, amagwira zonse. Manotsi amabwera pa WhatsApp ngati PDF, koma tikayatsa Read aloud (yowerenga mokweza) pa Edge, pulogalamu yolowera pa intaneti, zii. Nanganso manotsi a Chichewa, pali mawu a makina owerenga bwino?

Wokonza makompyuta:
Aphunzitsi, tsegulani PDF-yo, dinani Ctrl+F, mufufuze liwu limene mukuliona patsambalo. Likapanda kupezeka, mulibemo zilembo: munthu anangojambula pepala ndi foni, ndipo kompyuta ikuona chithunzi chabe. Pamafunika OCR, pulogalamu yozindikira zilembo pachithunzi. Ikani fayiloyo pa Google Drive, idineni ndi batani lakumanja la mouse, sankhani Open with, kenako Google Docs. Isapitirire 2 MB. Ikakula, iduleni zigawo. Zilembo zikatuluka, dawunilodani ngati PDF yatsopano, itseguleni pa Edge mudine Ctrl+Shift+U kuyatsa Read aloud.

Koma musamupatse mwanayo musanawerenge nokha. Pepala likajambulidwa mopendekeka kapena pamthunzi wa dzanja, rn imasanduka m, 1 imasanduka l. Tsamba la mizati iwiri ndiye loopsa kwambiri: makina amatha kulumpha kuchoka kumanzere kupita kumanja mzere uliwonse, nkhani nʼkusakanikirana. Mwana amene amadalira makutu sangazindikire kuti cholakwa ndi cha makina, amadziimba mlandu yekha. Ngati pali sikana, ikani pa 300 dpi, muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi.

Mayi wa maphunziro apadera:
Pa Chichewa paja, musagwiritse ntchito mawu a Chingerezi. Amawerenga phala ngati fala, ndipo e wa kumapeto amamumeza. Sankhani mawu a Chiswahili: mavawelo asanu ndi ofanana ndi athu, amatsindika silabo yachiwiri kuchokera kumapeto monga ife, ndipo ngʼ wa mu ngʼombe amamudziwa. Pofooka pake ndi th, amamutchula lilime lili pakati pa mano, choncho thupi limamveka lachilendo. Kukwera ndi kutsika kwa mawu athu sakukutsata, ndiye muuzeni mwanayo pasadakhale.

Chinanso, asamangomvera maso ali kwina. Mu Word muli Immersive Reader, imene imawalitsa liwu lomwe likuwerengedwa, ndipo Line focus imaonetsa mzere umodzi, itatu kapena isanu, ina yonse nʼkubisika. Yambani ndi umodzi, liwiro lotsika. Diso ndi khutu zikamayendera limodzi, mwana amazolowera maonekedwe a mawu.

Wokonza makompyuta:
Amayi anena zoona. Ndiwonjezere za bandulo: mawu a Edge olembedwa Natural amafuna intaneti nthawi zonse. Pa foni ya Android, lowani Settings, Accessibility, yatsani Select to Speak, ndipo mudawunilodiretu mawu owerengera a foniyo pamene pali Wi-Fi. Mukatero amawerenga ngakhale netiweki itasowa.