Kodi thiraki ya dizilo imalira bwanji kumalo ozizira madigiri 30 pansi pa ziro?

Dalaivala wa ku Area 25, Lilongwe

Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru zanu. Ndine dalaivala wa mathiraki onyamula katundu kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Dedza, Tete ndi Beitbridge mpaka ku Johannesburg, ndipo nthawi zina ndimapitirira pa msewu wa N3 kukafika ku Durban. Tsopano mwayi wapezeka woti ndikagwire ntchito yomweyi ku Canada, m'chigawo cha Manitoba, kumene m'mwezi wa Januwale kumazizira mpaka madigiri 30 pansi pa ziro. Chisanu chachikulu chimene ndikuchidziwa ine ndi cha ku Harrismith, pa msewu womwewo wa N3, m'mwezi wa Julayi, kumene thiraki imavutako kulira m'mamawa, n'kutulutsa utsi woyera kwa mphindi zingapo isanakhazikike. Kodi zimene timachita kumeneko, monga kudikira mahita otenthetsa mpweya wa mu injini isanalire kapena kusiya injini ikulira usiku wonse, n'zokwanira ku chisanu choposa pamenepo, kapena pali zina zimene munthu wophunzirira ntchito kuno sangaziganizire n'komwe?

Makaniko wa ku Biwi

Achimwene, injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndipo dizilo akapoperedwa mu mpweya wotenthawo amayaka yekha. Zitsulo za injini zikazizira zimayamwa kutentha kumeneku dizilo asanayake, moti utsi woyera umene mumauona ku Harrismith ndi dizilo amene watuluka osapsa. Kuti mpweya utenthe mokwanira sitata iyenera kupukusa injini mwaliwiro, koma pa chisanu batire limafooka pa nthawi yomweyo imene oyilo walimba ndipo akufuna mphamvu zambiri kuti zitsulo zizungulire.

Nambala ya CCA yolembedwa pa batire, imene imasonyeza mphamvu yake yolizira injini pa chisanu, imayezedwa pa madigiri 18 pansi pa ziro kwa masekondi 30, ndipo kuno ambiri sitiiyang'ana n'komwe pogula chifukwa nyengo yathu siitifunsa. Batire lodzaza moto siliundana ngakhale pa madigiri 50 pansi pa ziro, koma lophwa likhoza kuundana pa madigiri 10 okha pansi pa ziro, popeza asidi wake amakhala atatsala pang'ono kusanduka madzi. Batire loundana musalitchaje kapena kulijampa lisanasungunuke, chifukwa likhoza kuphulika. Za oyilo, nambala ya kutsogolo kwa W ndiyo imanena za chisanu: 15W-40 amene timathira kunoyu amayezedwa kupukusa injini pa madigiri 20 pansi pa ziro, 5W pa madigiri 30, ndipo 0W pa madigiri 35 pansi pa ziro.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chathu chothira madzi a pa mpopi mu rediyeta. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100, ndipo mphamvu imeneyi imang'amba rediyeta ngakhalenso buloko ya injini. Antifreeze wosakaniza theka ndi theka ndi madzi saundana mpaka pa madigiri pafupifupi 37 pansi pa ziro. Izi zikukhudzanso amene akutsala pa msewu wa Durban, chifukwa mu Seputembala 2024 chipale chofewa chinatsekereza magalimoto usiku wonse pa N3 cha ku Van Reenen, ndipo thiraki yoima pamalo otero ndi madzi okhaokha mu injini imakhala pa ngozi.

Dalaivala wa ku Winnipeg

Achimwene anga, zonse zimene anena a makaniko n'zoona, koma kuno ku Manitoba chimene chimagoneka mathiraki ambiri m'mbali mwa msewu ndi dizilo yemweyo. Mu dizilo muli phula longa la kandulo limene kukatentha limakhala losungunuka ndipo silioneka. Kukazizira phulalo limayamba kuuma, dizilo amachita mbuu, kenako amalimba ngati phala la dzulo. Chovuta chake n'chakuti injini ikhoza kulira bwinobwino m'mawa ndi dizilo wotsala m'mapaipi, inu n'kuyenda makilomita angapo, kenako mphamvu n'kuyamba kuchepa pa chitunda mpaka injini kuzimiratu, chifukwa phula latseka fyuluta. Mukamasula fyulutayo n'kuyang'ana m'kati mumapeza zoyera zoterera zitamata pepala lonse.

Kuno kuli dizilo wa mitundu iwiri, Nambala 1 amene ndi wopepuka ndipo sachedwa kuyenda pa chisanu, ndi Nambala 2 amene ndi wa masiku onse, ndipo malo omwetsera mafuta amasintha kasakanizidwe kake molingana ndi nyengo ya dera lawo. Msampha uli kwa ife oyenda maulendo aatali. Munthu akadzaza mathanki ku Texas, kum'mwera kwa dziko la America, kumene kukutentha, n'kudzafika ku North Dakota kapena ku Manitoba dizilo yemweyo akadali m'thanki, ndiye kuti wanyamula vuto lake yekha. Nzeru yake ndi kumwetsa pang'ono kum'mwera, n'kudzadzaza mukafika kumpoto. Mankhwala oletsa dizilo kulimba alipo, koma amathiridwa dizilo akadali wamadzi, makamaka musanayambe kumwetsa kuti asakanikirane bwino, ndipo akalimba kale mankhwalawo sathandizanso. Dzazaninso thanki madzulo musanagone, chifukwa thanki ya theka imachita thukuta m'kati, madziwo n'kutsikira pansi kukaundana.

Za kusiya injini ikulira usiku wonse, alipo amene amatero kukazizira koopsa pamalo opanda magetsi, koma amaikweza pang'ono kuti isalire mwaulesi. Injini yolira pansipansi sitentha mokwanira, imatentha dizilo mosamaliza, ndipo mwaye umatseka fyuluta ya ku utsi imene mathiraki atsopano a kuno ali nayo. Njira yabwino ndi hita ya mu buloko, imene chingwe chake mumachilumikiza ku magetsi a pamalo oimika mathiraki maola angapo musananyamuke, kapena kahita koyendera dizilo ka mtundu wa Webasto kapena Eberspächer kamene kamatenthetsa madzi a mu injini ndi kogona dalaivala.

Musaiwalenso mabuleki. Chinyezi cha mu mpweya chimaundana m'mapaipi ndi m'mavavu, choncho tulutsani madzi m'mathanki a mpweya tsiku lililonse, ndipo choumitsira mpweya chikhale chogwira ntchito. Mukayenda pa msewu wonyowa n'kuima, mabuleki a ngolo amatha kumatirira ku madiramu, moti ponyamuka muziyang'ana pa galasi ngati matayala onse akuzungulira. AdBlue, mankhwala amadzi oyeretsa utsi amene kuno amamutcha DEF, amaundana pa madigiri 11 pansi pa ziro, koma ameneyu asakudetseni nkhawa, chifukwa thanki yake ili ndi chotenthetsera ndipo injini imalira ngakhale iye ataundana.

Mkulu wopuma ntchito wa ku Kawale

Ana anga, ine za ku Canada ndasiyira inu, koma m'masiku athu dalaivala wopita kozizira ankathirako palafini m'thanki kuti dizilo apepuke, ndipo ena ankathirako ngakhale petulo pang'ono. Injini ikakana m'mawa tinkapopera mankhwala oliza galimoto ku fyuluta ya mpweya, ndipo zikakanika tinkaika mbaula ya makala pansi pa injini kuti oyilo afewe. Malole ankalira ndipo katundu ankafika. Kodi njira zimenezi zinaipa liti?

Mayi woyang'anira mathiraki ku Kanengo

Bambo athu a ku Kawale, sindikutsutsa kuti njira zimenezo zinkagwira ntchito pa malole a nthawi yanu, amene mapampu ake anali olimba ndiponso osasankha mafuta. Injini za masiku ano za common rail zimapopera dizilo ndi mphamvu yofika 2,000 bar kapena kuposerapo, ndipo pampu ndi mainjekita zimadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake ziziterera. Palafini ndi wouma poyerekeza ndi dizilo, choncho kumuthira mwachisawawa kumadya pampu mwakachetechete, ndipo mtengo wa mainjekita mukuudziwa nokha. Dizilo wa Nambala 1 amene atchula achimwene a ku Winnipeg ndi wachibale wa palafini ndithu, koma amapangidwa motsatira muyezo wa mafuta a injini. Petulo ndiye ayi ndithu, chifukwa kuwonjezera pa kuwononga pampu amasandutsa mpweya wa m'thanki kukhala wosachedwa kuphulika.

Mankhwala opoperawo ndi owopsa pa injini imene ili ndi mahita, kaya ndi a m'masilinda kapena a pa khomo lolowera mpweya, popeza akakumana ndi chitsulo chofiira amaphulika asanafike kumene akufunika. Za mbaula pansi pa thiraki yodzaza mapaipi apulasitiki ndi mawaya, ine dalaivala wanga atatero tsiku lomwelo akhoza kundibwezera makiyi. Kumaiko ozizira boma ndi makampani a mafuta anaikonzeratu nkhaniyi, mwachitsanzo ku Germany dizilo wogulitsidwa pakati pa dzinja lawo amayenera kudutsa mu fyuluta mpaka pa madigiri 20 pansi pa ziro.

Dalaivala wa ku Area 25, Lilongwe

Zikomo kwambiri nonse. Funso latsala limodzi: nanga ngati dizilo walimba kale ndili pakati pa ulendo, ndiyambire pati?

Dalaivala wa ku Winnipeg

Mukangomva mphamvu ikuchepa, fufuzani malo abwino opatukira injini isanazime, ndipo dziwitsani kampani pomwepo, chifukwa kahita ka kogona kamamwa dizilo wa m'thanki yomweyo ndipo nakonso kakhoza kuzima. N'chifukwa chake bulangete lolemera, zovala zosanjikiza ndi chakudya siziyenera kuchoka m'thiraki. Muziyenda ndi mafyuluta awiri apadera, sipanala yake, ndi botolo la mankhwala osungunula dizilo wolimba, amene ndi osiyana ndi oteteza aja. Sinthani fyuluta, thirani mankhwalawo monga mwa malangizo a pa botolo, pompani kutulutsa mpweya m'mapaipi, ndipo dikirani kuti agwire ntchito musanayese kuliza. Povula fyuluta valani magolovesi osalowa mafuta, popeza dizilo wozizira madigiri 30 pansi pa ziro akakhudza khungu amaliwononga m'kanthawi kochepa. Musapukuse sitata kupitirira masekondi 30, ipumitseni mphindi ziwiri musanayesenso, ndipo ikakanabe musamalize mabatire, itanani okoka akailowetse m'galaja yotentha kuti mathanki ndi mapaipi zisungunuke zonse.