Kodi "karanavar" wa m'mafilimu a ku Kerala ndiye mwini mbumba?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. M'mafilimu a chinenero cha Malayalam, a ku Kerala kum'mwera kwa India, muli mawu awiri akale amene amamveka pafupipafupi: karanavar ndi tharavadu. Olemba mawu a pansi pa kanema amangowamasulira kuti "amalume" ndi "nyumba ya makolo". Koma ndikaona mmene anthu amanjenjemerera mkuluyo akakhala pampando wake pakhonde, ndimaona kuti nkhaniyi ndi yozama. Ana akalakwa sapita nawo kwa bambo awo, amapita nawo kwa iyeyu. Kodi ameneyu si mwini mbumba wathu uja?

Woyankha woyamba:
Mwayandikira, achimwene. Mawu oyamba kuwagwira ndi marumakkathayam. Marumakkal ndi ana a mchemwali wako, ndipo mbali yotsalayo ikunena za cholowa. Choncho chuma chinkatsata kuchikazi. Mwambowu unali wolimba kwambiri pakati pa anthu a Nair, gulu lina la Ahindu a ku Kerala, ngakhalenso Asilamu ena a kumpoto kwa Malabar, dera la kumpoto kwa Kerala, ankautsatira. Tharavadu si makoma okha ayi. Ndi onse obadwa mwa gogo mmodzi wamkazi, pamodzi ndi minda yawo ya mpunga, mitengo ya kokonati ndi dziwe losambiramo. Nyumba yake nthawi zambiri ndi nalukettu, ya mbali zinayi zozungulira kabwalo kopanda denga pakati. Karanavar ndi mwamuna wamkulu kuposa onse m'banjamo, ndipo ndiye ankayang'anira zonsezi.

Mayi wina wa ku Dedza:
Pepani bambo, kufanana kulipo, koma tisafulumire. Kwathu kuno mkamwini amasamuka, amamanga pamudzi pa mkazi wake, amalima, ndipo ana amamuona tsiku ndi tsiku. Pa ukwati wakale wa a Nair, wotchedwa sambandham, mwamuna sankasamuka. Ankabwera madzulo, m'mawa n'kubwerera kwawo. Kusiyana kwina ndi kumene kukundikhudza ine monga mayi: mwini mbumba kwathu amaweruza milandu, amaimira alongo ake pa ukwati ndi pa maliro, koma sasunga nkhokwe yanga. Munda ndi wanga, chimanga ndi changa. Kumeneko chuma chinali chosagawa, ndipo mpunga wonse unkatuluka pa chilolezo cha karanavar. Dzina la banja linali la akazi, makiyi ali m'manja mwa mwamuna.

Woyankha woyamba:
Zoona mayi, ndipo apa ndi pamene mafilimu aja amaluma. Ambiri amaonetsa karanavar nthawi imene mphamvu zake zinali zitatha kale. Malamulo a 1925 a ku Travancore, ufumu wakale wa kum'mwera kwa Kerala, analola kuti chuma cha tharavadu chigawidwe. Kenako lamulo la malo litayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1970, anthu amene ankalima minda ya eni malo n'kumapereka gawo la zokolola anasanduka eni mindayo. Lamulo la 1975 linathetseratu dongosolo lonseli. Nyumba zikuluzikulu zinatsala, mpunga wodyetsa anthu ake utapita.

Onerani filimu ya Elippathayam, yokonzedwa ndi Adoor Gopalakrishnan, imene inalandira mphoto ya Sutherland ku Britain mu 1982. Dzinalo limatanthauza msampha wa makoswe. Mwamuna wotchedwa Unni akukhala m'nyumba yakale yotere. Sagwira ntchito iliyonse, mlongo wake wosakwatiwa amamutumikira mpaka kudwala, mlongo wamkulu akufuna gawo lake, iye angoti duu. Ulemu wa karanavar akuufuna, udindo wake sakuukwanitsa. Ine filimu imeneyi imandiwawa chifukwa cha mlongo uja. Mwambo umene unayenera kumuteteza ndi umene ukumutsekera m'nyumba.

Bambo wina wokhala ku Leicester:
Ndiwonjezereko chimodzi. Si mafilimu onse amene amadzudzula. M'zaka za m'ma 1990 kunatuluka ambiri osilira nyumba zimenezi, ngwazi yake ili mwana wa banja lapamwamba wobwera kudzabwezeretsa ulemerero wa makolo. Nyumba ya Varikkasseri Mana, pafupi ndi Ottapalam, yajambulidwa m'mafilimu ambirimbiri otere, chonsecho ndi ya a Nambudiri, ansembe amene cholowa chawo chimatsata kuchimuna. Ndipo musaiwale aja ankalima mindayo, monga a Pulaya, gulu la anthu amene ankayesedwa otsika ndipo sankaloledwa ngakhale kuyandikira khonde. Kwa zidzukulu zawo, mawu oti tharavadu sakumbutsa mtendere.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye ndikamva karanavar ndizimva mwini mbumba amene anagwiranso nkhokwe ndi minda ya mbumba yonse. Amayi a ku Dedza, ndatsala ndi funso limodzi kwa inu. Kumeneko lamulo ndi limene linachotsa chuma kwa malume n'kuchipereka kwa munthu aliyense payekha. Kwathu kuno, malo akayamba kulembetsedwa m'maina a anthu, mwini mbumba atsala ndi mawu anji pa munda wa mlongo wake?