Kukalima ku Mozambique: kodi mabomba okwirira pansi aja adatheratu?

Mlimi wa kwa Mkanda:
Abale ndithandizeni. Achimwene anga apeza munda wobwereka tsidya lija chigawo cha Tete, akufuna akalime soya chaka chino poti kuno malo atichepera, koma amayi akukana kwamtuwagalu ati kuli mabomba a nthawi ya nkhondo. Dzulo mpaka anakana kudya nsima. Kodi zinthuzi zilipobe kapena ndi mantha a akuluakulu chabe?

Nachisale:
Amayi anuwo musawaseke, anaona ndi maso. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ija inatha mu 1992 koma mabomba anatsala m'nthaka akudikirira, bomba silidziwa kuti anthu asainirana mtendere. Kwathu tinkasunga bambo wina wothawa nkhondo, mtendere utabwera anabwerera kwawo ndi miyendo iwiri, patapita chaka anatulukiranso ndi umodzi. Anaponda akupita kukaona manda a makolo ake. Ndimakumbukirabe akumasula mwendo wamtengo uja madzulo nkuutsamiritsa pakhoma ngati khasu, ife ana kumathawa.

Aphunzitsi Opuma:
Mozambique inalengeza mu Seputembala 2015 kuti malo onse odziwika kuti munali mabomba ayeretsedwa. Ntchitoyo inatenga zaka zoposa 20, a bungwe lochotsa mabomba la HALO Trust okha anachotsa mabomba oposa 171,000. Koma mawu oti "odziwika" amenewo muwagwire bwino. Asilikali ambiri potchera sankalemba mapu ayi, ndiye madzi osefukira amatha kukokolola bomba nkukalisiya pena. Komanso zipolopolo ndi magirinedi osaphulika zija ndi nkhani ina, zimapezekabe apa ndi apo.

Mnyamata wa pa Kamwendo:
Ine chimene chimandiseketsa nchakuti ena mwa amene anagwira ntchitoyi ndi abwampini kkkk. Eee bwampini yemweyu timakumba kudambo nkuwotcha! A bungwe la APOPO amawaphunzitsa ku Morogoro ku Tanzania kununkhiza onga wa bomba, ndiye poti ndi opepuka akaponda siliphulika, akalipeza amakanda pansi nkulandira nthochi. Wina dzina lake Magawa mpaka anapatsidwa mendulo ya golide mu 2020 chifukwa cha ntchito yake ku Cambodia. Ife kuno tikungomuona ngati ndiwo.

Nachisale:
Inu zanu nzoseka basi, mnzathu wafunsa za moyo wa munthu.

Aphunzitsi Opuma:
Mlimi, achimwene anuwo afunse kaye amfumu akumeneko kuti mundawo unalimidwapo liti. Ngati eni ake akhala akulima zaka zonsezi palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Choopsa ndi tsala loti aliyense amalilambalala koma akukupatsani motchipa, kapena pamene panali msasa wa asilikali, pansi pa milatho yakale, pazitsime zosiyidwa. Akaona miyala yopakidwa penti yofiira kapena chikwangwani cha chigaza cholembedwa Perigo Minas, mawu a Chipwitikizi ochenjeza za mabomba, abwerere potsata mapazi awo omwe. Chitsulo chachilendo asachigogode ndi khasu, asatolenso kuti akagulitse kwa ogula zitsulo zakutha, angouza apolisi.

Mlimi wa kwa Mkanda:
Zikomo nonse. Ndawaimbira achimwene, akuti mundawo mwini wake anakololamo chimanga chaka chathachi, mapesi akadalimo. Amayi ndawafotokozera, angoti chabwino koma ana asapite nawo. Za bwampinizo sanakhulupirire, akuti ndikuwanamiza.