Kukwera phiri theka la tsiku, zitheka?

Mlendo_kuphiri: Abale ndithandizeni, Loweruka ndikufuna ndikakwere kaphiri kali pafupi ndi tauni, ndinyamuke 6 koloko mmawa ndibwereko 12 isanakwane. Pamapu akuti ndi makilomita 10 kupita ndi kubwera, chokwera mamita 600. Zitheka koma? Sindinakwerepo chibadwire.

Kadzidzi: Zitheka bwinobwino achimwene. Pali kawerengedwe ka Naismith ka 1892, ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse kenako muwonjezere ola lina pa mamita 600 okwera, ndiye apa ndi maola 3 koma izo ndi za munthu wozolowera komanso osapuma panjira, inuyo ikani 4 kapena 5.

Nyerere: Ine ndikuuzeni za kutsika. Aliyense amaopa chitunda koma mawondo amalira potsika, zala zikumenya kutsogolo kwa nsapato sitepe iliyonse, ineyo chikhadabo chinachita kuda bii mpaka kuzuka. Wengani zikhadabo usiku wake, ndipo nsapato zatsopano ayi chonde, valani zomwe phazi linazolowera.

Kadzidzi: Zoona zimenezo. Madzi malita 2, mapu mudawunilodiretu pafoni poti kumtundako netiweki imathawa, komanso muuzeko wina kunyumba njira yomwe mudzere.

Mlendo_kuphiri: Zikomo kwambiri nonse, basi ndinyamuka 5:30.