Pamwamba pa makabati a m'khitchini: tigule postform kapena timate tokha?

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Pali ntchito ikundizunguza mutu. Mayi ena andiitana kunyumba yawo ya lendi, akufuna kusintha pamwamba pa makabati a m'khitchini alendi atsopano asanalowe kumapeto kwa mwezi. Makabati apansi ali bwinobwino, pawonongeka ndi pamwamba pokha. Pozungulira sinki pafufuma ngati chigumu, ukakanikiza ndi chala bolodi ikungoyoyoka. Khitchiniyo ndi ya L, mbali ya zenera mamita 3.2, mbali ya sitovu 1.8. Granite atamva mtengo anangoseka. Akuti Formica yomweyo koma yokhalitsa. Ndiye ndigule postform, bolodi ija imabwera itamatidwa kale kufakitale, kapena ndigule shiti ya Formica ndimate ndekha? Zithunzi ndi izo.

Madala a ku Ndirande: Taziona. Mwana wanga, iyo si Formica ayi. Yang'ana bwino pamene pasupukapo, khungu lake lapyapyala bwanji. Amene anagwira ntchitoyo anawaikira melamine ya 16mm, ija timapangira zitseko ndi mashelefu. Anangoigoneka pamwamba, n'kuboola sinki, n'kulandira ndalama.

Wa ku Chilomoni: Eetu madala, ndayeza, ndi 16 ndithu. Koma mayiwo akuti anauzidwa kuti ndi Formica.

Wa ku Joni: Zimenezo n'zosadabwitsa achimwene, kwathu chilichonse chosalala timachitcha Formica. Limenelo ndi dzina la kampani ya ku America yomwe inayamba mu 1913, koma mashiti ali m'mashopumo ndi a makampani ambiri, ena a ku India, ena a ku China, ena a kuno ku South Africa. Kusiyana kwake ndi melamine ndi uku: pa melamine amangotenga pepala limodzi lamaluwa lonyika mu resin n'kulidinda pa chipboard, bolodi ya tizidutswa ta matabwa tomatidwa ndi guluu. Laminate yeniyeni ndi mapepala a kraft angapo onyika mu resin, pamwamba pepala lamtundu, zonse n'kuzipanikiza ndi moto ndi mphamvu yaikulu mpaka zikhale chinthu chimodzi cholimba. N'chifukwa chake mukaiyang'ana m'mphepete mumaona kamzere kabulauni. Mukapita kushopu musafunse dzina, funsani kukhuthala. Yomata pamwamba pa makabati ikhale cha m'ma 1mm kapena kuposera pang'ono. Ikakhala yopyapyala kwambiri ndi ya m'mbali ndi zitseko, pamwamba sichedwa kutha.

Pulambala wa ku Zingwangwa: Musanakangane za mabolodi, madziwo akuchokera kuti? Pachithunzi chachiwiri ndikuona mpopi unabooledwa pa bolodi penipeni, osati pa sinki. Nati yapansi ikakhwepa pang'ono, kadontho kalikonse kamatsika ndi mpopi n'kulowa m'kati mwa bolodi. Mukhoza kuika yodula bwanji, chaka chamawa mudzaitanidwanso.

Wa ku Chilomoni: Zoona, mpopi ukugwedera. Pansi pa sinki palinso ndowa yotchingira madzi.

Pulambala wa ku Zingwangwa: Basi, ndowayo yayankha kale.

Madala a ku Ndirande: Ine maganizo anga ndi akale omwe aja. Gula pulayi ya marine, ija yopirira madzi, ya 18mm, kutsogolo uphatikize ziwiri kuti iwoneke yonenepa, umate shiti wekha ndi guluu wa kontaki. Pulayi ikanyowa imauma, chipboard ikanyowa yapita. Postform yonse m'kati mwake ndi chipboard. Nyumba ya lendi mwini wake sakhalamo, amene akukhalamo sasamala kuti madzi atayikira pati. Ndiye uike chinthu chopirira nkhanza.

Wa ku Joni: Madala, ndi ulemu wonse, apo ndikutsutsani pang'ono. Kuno timaika postform tsiku ndi tsiku, ndipo sikuti imangofufuma yokha. Ubwino wake uli kutsogolo. Laminate imapindidwa kufakitale ndi moto, kuchoka pamwamba kuzungulira mphepete mpaka kunsi, popanda cholumikizira. Madzi akatsetsereka amangodontha pansi. Yomata ndi manja ili ndi mzere kutsogolo konse, pamene kachidutswa ka m'mphepete kakumana ndi shiti ya pamwamba. Pamenepo ndi pamene mimba ya munthu wotsuka mbale imakhuza tsiku lililonse, ndi nsalu yonyowa yomwe. Kontaki ikangotopa pakona imodzi, mwana amakoka, kachidutswa konse kwatsala n'kugwa. Komanso guluu wa kufakitale amapanikizidwa ndi makina, ife timadalira manja ndi kathabwa.

Madala a ku Ndirande: Manja amenewa amata makauntala a m'magolosale omwe mpaka lero alipo. Vuto anyamata a masiku ano amathamanga. Kontaki umapaka mbali zonse ziwiri, pa bolodi ndi pa shiti, mopyapyala, n'kudikira. Ukakhudza ndi kuseri kwa chala isakumatirire, ndiye yapsa. Nthawi ya mvula kapena m'mawa wa mu Juni imachedwa, usaikakamize. Kenako uyale timitengo pa bolodi, ugoneke shiti pamwamba pa timitengoto, uone kuti yalunjika, uzichotsa kamodzikamodzi kuyambira pakati ukusisita kupita kunja. Ikangokhudzana yakhudzana, palibe kusuntha. Ndipo kunsi kwa bolodi umateko shiti yotchipa kapena upake vanishi, apo ayi mbali imodzi imakoka ndipo bolodi imapindika. Fodya ndi mbaula zikhale kutali, fungo la kontaki limagwira moto.

Wa ku Joni: Zonse mwanenazo n'zoona madala. Funso ndi lakuti mnyamatayu ali ndi router yosadzira m'mphepete?

Wa ku Chilomoni: Router ndilibe akulu. Ndili ndi jigsaw, sowo yamagetsi, ndi tupa.

Madala a ku Ndirande: Tupa imakwana, bola kumatsitsa kokha, osakweza. Ukakweza umabenthula.

Mayi wa makabati ku Area 47: Abambo, mwakambirana za bolodi ndi guluu koma palibe wafunsa kuti m'khitchinimo muziphikidwa bwanji. Ine kasitomala ndisanamuonetse masampulo ndimayamba ndafunsa zimenezo. Magetsi akazima nthawi ya chakudya chamadzulo, munthu amaphika nsima pa mbaula pakhonde, n'kulowa ndi poto m'manja akufuna poika kuti aomole. Amaika pamene pali pafupi. Laminate, kaya ya postform kaya yomata madala, kapu ya tiyi siiopa, koma poto wochoka pamakala amasiya chizindikiro chozungulira, nthawi zina kutukusira chithuza. Ndipo chithuza cha laminate sichikonzeka, sungapale ngati thabwa. China, anthu amadulira tomato ndi anyezi pomwepo opanda kathabwa. Mayi eni nyumba auzidwe zimenezi poyera lero, asadzati munawagulitsa zachinyengo.

Wa ku Chilomoni: Iwo akufuna yakuda yonyezimira, akuti anaiona pa Facebook ikuoneka ngati granite.

Mayi wa makabati ku Area 47: Ayi achimwene, akanizeni mwaulemu. Yakuda yonyezimira imakongola tsiku loika ndi pachithunzi. Pakatha mwezi mpeni uliwonse umaoneka, madontho a madzi akauma amasiya mawanga oyera, ufa ukangowazika pang'ono zimaoneka, osanena fumbi la mu Okutobala. Atengereni tizidutswa titatu kunyumbako, osati kuwaonetsa pafoni. Muwapatse kiyi akande okha, kenako mukaike pafupi ndi zenera aone. Yotuwa yamawangamawanga, yosanyezimira, yokhakhala pang'ono, ndi imene imabisa zambiri. Koma isakhale yokhakhala kwambiri, mafuta amakhazikika m'timaenjemo ndipo wotsuka amayamba kukwecha ndi sitiliwulo, kumene ndiko kuipha.

Wa ku Mzuzu: Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Kuno chinyezi n'chambiri ndiye chipboard timaiopa, koma ndinene chilungamo: pulayi yomwe ikugulitsidwa ndi dzina la marine masiku ano si yonse ili marine. Ina ukaidula m'kati muli mabowo, ina imasupuka yokha. Ngati mungapeze yeniyeni, mtengo wake kuphatikiza shiti ndi malita a kontaki mupeza kuti mwaipitirira postform. Werengerani kaye. Ndipo kotesheni mulembepo kuti ndi ya masiku 7 okha. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sagona pamtengo umodzi.

Wa ku Joni: Tiyeni tiyeze bwino. Postform imabwera 600mm m'lifupi, 32mm kunenepa, kutalika mamita 3.6 ndi kakusefukira. Mbali ya zenera ya 3.2 ituluka m'chidutswa chimodzi popanda joini, n'kutsala cha m'ma 400. Nanga 1.8 ija mwayeza kuchokera kukhoma kapena kuchokera kutsogolo kwa makabati enawo? Ndipo sitovu ili m'kati mwa muyezowo?

Wa ku Chilomoni: Kuchokera kukhoma. Sitovu ndi yoima payokha, ya 600, ili kumapeto.

Wa ku Joni: Ndiye chotsani 600 ya pakona, chotsaninso 600 ya sitovu. Mbali imeneyo mukufunika 600 yokha basi. Chotsala chija chaperewera ndi 200, zomvetsa chisoni, ndipo kugula chidutswa china chathunthu chifukwa cha kamalo kameneko n'kutaya ndalama.

Mayi wa makabati ku Area 47: Musagule n'komwe. Kamalo kameneko ndi kamene kali pafupi ndi sitovu, pomwe poto azitera. Pitani kwa odula miyala, aja amapanga ziliza, amakhala ndi zidutswa za granite zotsala. Funsani cha 600 kwa 600. Mayi aja apeza granite yawo yomwe amailakalaka, pamalo pomwe ikufunikadi.

Madala a ku Ndirande: Apo mayi mwalasa. Koma pali kanthu. Kutsogolo kwa postform n'kozungulira, granite ndi yolunjika. Mukazigundanitsa pakonapo patsala kangalande, ndipo muzidzaza nyenyeswa ndi madzi.

Wa ku Joni: Njira zilipo ziwiri. Pali kachitsulo ka aluminiyamu kolumikizira pakona, kopindika mofanana ndi mphepete ya postform, mumakapaka silikoni n'kukamanga ndi masikuluu. Kamagwira ntchito ngakhale kamasunga litsiro pang'ono. Njira yabwino koposa, granite itenge kona yonse, ikhale 600 kwa 1200 kutsata khoma la sitovu. Postform muidule pa 2.6, mapeto ake odulidwa molunjika agunde m'mbali mwa granite. Zonse zolunjika, palibe ngalande. Granite ikakhala ya 20mm muiyalire pulayi kunsi kuti ifanane msinkhu ndi 32. Funsani mitengo yonse iwiri, mayiwo asankhe.

Madala a ku Ndirande: Chabwino, ndagonja pa postform, koma pa sinki ndiye sindigonja. Mwana wanga, mvetsera. Ukamaboola, yamba ndi dirilo m'makona anayi, kuti makona akhale ozungulira. Kona yakuthwa ndi pomwe mng'alu umayambira. Jigsaw wamba imaluma pokwera, ndiye utembenuze bolodi udulire kunsi, kapena ugule buledi yoluma potsika. Uike chochirikiza kuti chidutswa chapakati chisagwe chokha n'kung'amba laminate pomaliza. Ukatha, paliponse pomwe chipboard yaonekera, m'bowo la sinki, kumapeto, kumbuyo kokhudza khoma, upake vanishi kawiri kapena upakirire silikoni ndi chala mpaka bolodi isaonekenso. Kenako silikoni wina pansi pa mlomo wa sinki usanamange. Ambiri amangopaka kamzere kunja sinki itakhala kale, kongoonetsa kasitomala.

Pulambala wa ku Zingwangwa: Ndipo mugule sinki yokhala ndi bowo lake la mpopi, kapena mpopi uchokere kukhoma. Pa bolodi pasabooledwenso. Kumbuyo, pakati pa bolodi ndi matailosi, silikoni, osati simenti ya matailosi, imeneyo imang'ambika.

Wa ku Mzuzu: Ponyamula samalani. Chidutswa cha 3.6 chiyende choimirira chammbali, anthu awiri. Mukachiboola sinki ndiye chimakhala chofooka zedi, timizere totsala kutsogolo ndi kumbuyo kwa bowo timathyoka mosavuta. Kabooleni kunyumba komweko, osati kushedi.

Wa ku Chilomoni: Ndabwerako kwa mayi aja akuluakulu. Za kiyi zija zagwira, akanda yakuda kamodzi n'kuibweza okha, asankha yotuwa yamawanga. Granite ya 1200 akuti yakwera, atenga ya 600 ndi kachitsulo. Avomeranso sinki yatsopano. Ndayeza khoma la zenera ndi chingwe, pakati lalowa m'kati pafupifupi 8mm.

Wa ku Joni: Limenelo ndi khoma la kwathu, musadabwe. Gonekani bolodi pamalo pake, yendetsani pensulo ndi kathabwa kutsata khomalo, mupale kumbuyo mpaka igone bwino. Mukapala ndiye mupake vanishi uja, osati musanapale. Onaninso levulo ya makabati musanamange, madzi asamathamangire kujoini.

Pulambala wa ku Zingwangwa: Mundiuze tsiku, ndidzachotse mpopi wakalewo ndi kusintha trap, paipi yokhota ija ya pansi pa sinki, musanaike. Lachinayi m'mawa ndili mpata.

Wa ku Chilomoni: Lachinayi lili bwino akulu. Madala, buledi yoluma potsika ija muli nayo yobwereka?

Madala a ku Ndirande: Ilipo imodzi. Udutse kushedi mawa isanakwane 7, ubwere ndi jigsaw yakoyo tione ngati ikulowa.