Funso: Ndilembe "I parked the car" kapena "The car was parked"?

Abale anga a pa gulu, makamaka aphunzitsi a Chingerezi ndi inu mwakhalitsa kuno ku England, ndithandizeni. Ndalandira kalata ya chindapusa kuchokera ku kampani ina yoyang'anira malo oimikapo magalimoto pasitolo. Akuti makamera awo anaona galimoto itapyola nthawi yololedwa. Galimotoyo ili m'dzina langa, koma timayendetsa tonse ndi bambo akunyumba. Ndikufuna kuchita apilo chifukwa chikwangwani chonena za nthawi chinabisika ndi nthambi za mtengo.

Mnzanga wa kuntchito akuti ndisalembe "I parked the car", ndilembe "The car was parked". Kusiyana kwake n'kotani? Si bodza limeneli? Ine zabodza sindifuna. Komanso malo ndi nthawi zimalowa pati m'chiganizo? Chomwe chimandibwerera ndi "The car I parked it at 2 at the shop", monga timanenera kuti galimoto ndinaiimika 2 koloko pasitolo, koma mwana wanga akuti sizikumveka.

Mphunzitsi wopuma: Achemwali, mwanayo akunena zoona. Ife tikhoza kuyamba ndi galimoto chifukwa "i" wachiwiri mu ndinaiimika akuloza kale chimene chaimikidwa. Mneni wa Chingerezi alibe kachizindikiro kotere, ndiye malo amene mawu akhala ndi omwe amasonyeza wochita. Mwininkhani patsogolo, mneni, pamtherankhani, kenako malo, nthawi pomaliza: "I parked the car outside the shop at 2 pm." Mukafuna kuti galimoto itsogole, mneni asinthe, monga kuimika kumasandukira kuimikidwa: "The car was parked outside the shop at 2 pm." Pamenepo "it" achoke, koma "was" asasowe, chifukwa "the car parked" zikumveka ngati inadziimika yokha. Dziwaninso kuti "was parked" ali pawiri. Atha kutanthauza kuti wina anaiimika, kapena kuti inangokhala itaima pamenepo. Bodza palibe, mwangosiya kutchula wochita.

Bambo wina wa ku Leeds: Ndiwonjezereko za lamulo, mayi. Pa malo a kampani, mlandu umayambira kwa amene amayendetsa tsikulo, ndipo simukakamizidwa kumutchula. Ku England ndi Wales, lamulo la Protection of Freedoms Act la 2012 limalola kampani kufuna ndalamayo kwa amene galimoto ili m'dzina lake, pokhapokha itatsata ndondomeko. Ngati ndi za makamera, kalata ifike pasanathe masiku 14 kuchokera pa tsiku lomwe akuti galimoto inapyola nthawi. Ndiye onani tsiku lomwe akunena ndi tsiku lomwe yakufikani. Mukalemba "I parked" mwavomera nokha kuti munali inu, ndipo mfundo imeneyo yatha. N'chifukwa chake mnzanu akutero. Kampani ikakana apilo, kuli POPLA kapena IAS, mabungwe apadera omvanso apilo, kutengera bungwe lomwe kampaniyo ili membala wake. Kalata yokanayo imanena koti mupite.

Mayi wina: Koma tisasokoneze ena. Ikakhala tikiti ya khonsolo, ija amati Penalty Charge Notice, mwini galimoto ndiye amalipira kaya amayendetsa ndani, ndipo kawirikawiri amadula theka ukalipira m'masiku 14. Kumeneko kubisa woyendetsa sikuthandiza. Ndipo chonde, kalata yonse isadzaze ndi "was, was, was". Zimene mukupempha nenani poyera: "I am appealing as the registered keeper", ndiye kuti mukuchita apilo ngati amene galimoto ili m'dzina lake.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, yanga ndi ya kampani. Nanga za chikwangwani ndilembe "The sign was hidden" basi?

Mphunzitsi wopuma: Ayi achemwali, apa wochita mumutchule ndithu, chifukwa nkhani yanu yagona pomwepo: "The sign was hidden by tree branches." Mawu a "by" amabwera pambuyo pa mneni. Pitani mukajambule chikwangwanicho nthambi asanazidule, muike chithunzicho pamodzi ndi kalata, ndipo mutumize tsiku lomaliza la apilo lolembedwa pa kalata yawo lisanakwane.