G2 yake iti? Zilonda za m'kamwa za obwerera ku radiotherapy

Nesi wa Palliative, Mulanje

Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi bambo wina wa khansa ya lilime, wamaliza radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza cha makina) Lachisanu lapitali, magawo (ma fraction) 33 pamodzi ndi mankhwala a khansa a cisplatin, tsopano wabwerera kumudzi. M'buku lake angolemba kuti "mucositis G2", kutanthauza zilonda za m'kamwa za giredi 2, basi. Osanena ngati ndi muyezo wa WHO, wa RTOG kapena wa CTCAE, poti uliwonse uli ndi magiredi ake. Lero ndamuwunika ndi tochi ya pafoni, m'kati mwa masaya onse awiri mwayera ngati mwapakidwa laimu, m'mbali mwa lilime chimodzimodzi, malovu onanda ngati therere. Ine ndalemba 3. Mnzanga amene anamuona Lolemba analemba 2. A ku dental akuti 3, koma yawo ndi ya RTOG. Ndiye mawa poimbira a oncology ndikanene kuti zikuipiraipira, kapena ndife amene tikusemphana maso?

Chondizunguza kwambiri ndi ichi. Pa WHO, 2 ndi zilonda koma munthu akudya zolimba, 3 ndi zamadzimadzi zokha, 4 palibe chodutsa pakamwa. Nanga nsima ili pati? Akazi awo akuti "akudya nsima". Nditafunsitsa, ndi nsima yoisungunula mumsuzi mpaka kusanduka phala, mbamu ziwiri kutha nazo ola lathunthu. Imeneyo tiziti zolimba?

Madala CO, Thyolo

Mwamukweza pa sikelo? Yambirani pamenepo a Sisita. Manambala enawa aliyense amalemba mmene wadzukira. Sikelo sinama.

Nesi wa Palliative, Mulanje

52 kg lero. Asanapite anali 58, koma zinali pa sikelo ina, miyezi iwiri yapitayo. Funso langa silimenelo madala.

Sisita wa Oncology

Nonse atatu mukhoza kukhala kuti mukulondola, chifukwa simukuyeza chinthu chimodzi. RTOG imadalira kwambiri zooneka ndi maso: 2 ndi zilonda za apo ndi apo, 3 ndi pamene zalumikizana nkukhala chinsalu chimodzi. Ilibe nazo ntchito za kudya. WHO imasakaniza zimene mukuona ndi zimene munthu akumeza. CTCAE yatsopano imatsamira pa ululu ndi mmene ukutsekerezera kudya. Nambala yopanda dzina la muyezo ili ngati kulemba "paracetamol 2" osanena ngati ndi mapilitsi kapena masipuni.

Nsima yosungunula ija kwa ine ndi 3. Ndimafunsa motere: "Mungatsine mbamu, kusunsa mu ndiwo, kutafuna nkumeza?" Akati ayi, yatha. Musafunse kuti "mukudya?" Palibe munthu wa kwathu kuno amene angayankhe kuti ayi pamaso pa amene akumuphikira.

Ndipo kuipa atamaliza radiotherapy musadabwe nako. Kufiira kumayamba cha mu sabata yachiwiri, zilonda cha mu yachitatu mlingo wa cheza ukafika cha pa 30 Gy, kenako zimafika pachimake kumapeto, mwinanso sabata imodzi kapena ziwiri atamaliza. Kupola kumatenga masabata angapo, ndipo ndi cisplatin kumachedwerako. G2 ya m'bukuyo mwina inalembedwa kale, wolemba kalata anangokopera. Auzeni abale zimenezi mwachangu, apo ayi aganiza kuti khansa yabwerera nkumutengera kwa asing'anga.

Nesi Wausiku

Zoti asing'anga mwandikumbutsa. Chaka chatha kunabwera agogo ena ochokera cha ku Thekerani, nditati tsegulani pakamwa ndinangoona papo yekhayekha, mpaka mano. Mdzukulu wawo anagula GV, mankhwala apapo opaka pazilonda aja, pagolosale nkumawapaka m'mawa ndi madzulo ndi nthenga ya nkhuku. Kufiira kosaoneka, malire a chilonda osaoneka, ndilembe giredi yanji? Ndinangolemba kuti sizikuyezeka, papakidwa GV. Zinatenga masiku kuti mtunduwo uchepe. Ndipo enafe tisanamizane, m'ma health centre timapakabe ana. Wa radiotherapy yekha musamupake chonde.

Madala CO, Thyolo

Mwaona? GV atabisa chilonda, sikelo ikanakuuzanibe. Ine ndagwira ntchito imeneyi kuyambira nthawi imene odwala otere tinkangowapatsa panado nkuwapempherera, kenako anayamba kumapita ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam amene anali ndi mwayi. Sindinaonepo giredi itapulumutsa munthu. Amene ndinawataya anatha ndi njala ndi ludzu.

CO wa ku Border

Madala, sikelo nayo imanama. Kuno mwezi wa Januwale munthu amatsika thupi alibe chilonda ngakhale chimodzi. Ndinalembapo WHO 3 kwa mayi wina chifukwa anati akungomwa phala. Patapita sabata ndinamva kwa HSA, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo, kuti nyumba yonse ikumwa phala, ufa watha. Nditamupatsa chigumu chimene ndinatengera nkhomaliro anachimaliza ndikuona. Ndiye muzifunsa kuti ena pakhomopo akudya chiyani. Komanso wa khansa ya lilime akhoza kulephera kumeza chifukwa cha chotupa chenichenicho kapena opaleshoni, osati mucositis. Onani m'mbuyo m'buku kuti asanayambe radiotherapy ankadya chiyani.

Wa Mano, Luchenza

A Sisita a ku Mulanje, zoyerazo mwatsimikiza kuti si thrush, mafangasi a m'kamwa aja? Nthawi zambiri zimakwerana, makamaka ngati ali ndi HIV. Thrush imachoka mukapukuta pang'ono ndi gozi yonyowa, pansi nkusiya pofiira. Chinsalu cha chilonda cha radiotherapy chimakhala choyera motuwirako chikasu, chimamatirira, mukachikakamiza chimatuluka magazi ndipo munthu amalumpha. Musachipale. Yesani pakona kamodzi mofatsa, chikakana chisiyeni.

Spatula yathabwa muziyinyowetsa kaye. Youma imamatirira pa tsaya, pochotsa mumachotsa ndi khungu lomwe. Ndinachitapo kamodzi ndili mwana pantchito, bamboyo sanandilolenso kuyandikira. Mano oikirira achotsedwe musanawunike. Tochi ya pafoni ija kuwala kwake kumayeretsa zinthu, kufiira kumaoneka kochepa. Ngati nkotheka mutulutseni pakhonde, dzuwa limaonetsa bwino.

Mwana wa Sukulu

Pepani akuluakulu, ndingofunsa. Kukalasi tinaphunzira muyezo wina wotchedwa OMAS, umene umayeza malo 9 m'kamwa, chilonda 0 mpaka 3 potengera kukula, kochepera 1 cm², 1 mpaka 3, ndi kopitirira 3, ndiye kufiira 0 mpaka 2. Si imeneyo ingathetse mkanganowu?

Nesi Wausiku

Mwana wanga, malo 9 pa munthu amene pakamwa pakungolowa zala ziwiri, panja pali mzere wa anthu 60? Imeneyo ndi ya kafukufuku. Ukabwera ku attachment udzayese, tidzakuonerera.

Sisita wa Oncology

Musamuseke, mfundo yolemba malo ndi yabwino. Ife timajambula kapakamwa m'buku ndi bolopeni, kudetsa pamene pali zilonda, pansi pake tsiku, WHO yakuti, ululu pa 10, ndi chimene wameza dzulo. Wobwera pambuyo amaona yekha.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa palibe wachitchula. Cisplatin womaliza analandira liti? Mwamuyeza kutentha? Pakamwa potseguka chonchi ndi khomo la majeremusi, ndipo ngati ma neutrophil (maselo a m'magazi olimbana ndi majeremusi) ali pansi, kutentha kwa 38 kokha ndi emergency, si za kudikira mawa. Magazi atengedwe akayezedwe FBC kuti tione maselowo. Muyezeni asanamwe panado chifukwa amabisa kutentha. Brufen ndi diclofenac ayi, impso zakumana kale ndi cisplatin ndipo munthuyo sakumwa madzi okwanira. Funsani kuti wakodza kangati lero. Chlorhexidine wochukuchira m'kamwa wa m'botolo uja musamupatse pofuna kupoletsa mucositis, sathandiza ndipo wokhala ndi spirit amawotcha. Madzi owiritsa ozizira a mchere pang'ono ndi soda, achukuche kangapo patsiku. Morphine wamadzi asamanidwe, ndipo nthawi yake igwirizane ndi chakudya kuti azidya mankhwala atayamba kugwira.

Madala CO, Thyolo

Zonsezo ndavomera. Koma 58 kufika 52 ndi 10 peresenti. Kaya mulembe 2 kaya 3, munthuyo akufunika chiponde chosungunula m'phala lero, ndipo nkhani ya NG tube, paipi yodyetsera yodutsa m'mphuno, iyambike asanafooke. Mukamaimba mawa yambani ndi makilo, muona mmene akuyankhireni msanga.

CO wa ku Border

NG tube ya kumudzi madala? Amene ndinamuika ine anakaichotsa tsiku lomwelo, apongozi ake anati paipi ya m'mphuno ndi ya anthu otsala pang'ono. Pamafunika kukhala pansi ndi banja lonse, mwinimbumba alipo, osati mkazi yekha.

Komanso a ku Mulanje, muwaletse zinanazi. Abale amabwera nazo mwachikondi kuti odwala apeze mavitamini, munthu nkulira misozi. Tomato wambiri mumsuzi, tsabola, thobwa lowawasa, tiyi wotentha, zonsezo zimalasa. Mapeyala ndi nthochi yakupsa yokanya zimadutsa bwino. Fodya ndi kachasu musachite kufunsa pamaso pa akazi awo.

Nesi wa Palliative, Mulanje

Kutentha kunali 37.4 m'mawa, koma sindinafunse ngati anamwa panado. Cisplatin womaliza tsiku lake silikuwerengeka, chidindo chinagwera pomwepo. Ndamutuma wa kabaza akawauze abwere mawa m'malo mwa Lachinayi. Za thrush ndikayang'ananso pakhonde.

Madala CO, Thyolo

Mukamukweze pa sikelo yomwe ija ya lero, osati ina. Avule jekete.

Nesi Wausiku

Inu muli ndi sikelo yoyenda? Yathu mabatire anatha mwezi watha, tikubwereka ya ku antenatal, ndipo imawonjezera kilo imodzi ndi theka aliyense. Alipo amene ali ndi nystatin wa thrush wapadera tisinthane ndi ma giving set a dripi?